Oyimba a ku Shedi ya Fodya

Masiku amenewo njanji inali ikadali yachilendo ku Limbe, moti anthu ankachokera kutali kudzangoona sitima ikufuka utsi. Pa kampani ina yogula fodya, pafupi ndi siteshoni, panali kalaliki dzina lake Wilkins. Ofesi yake inali kachipinda ka malata koyang'anana ndi shedi yosungiramo mabelo. Ankakhala ku Chigumula ndi mkazi wake Felicia ndi mwana wawo Joan, ndipo m'mawa uliwonse ankayenda wapansi, nsapato zili m'manja kuopa fumbi, n'kukazivalira pafupi ndi ntchito.

Wilkins anali munthu wa nyimbo. Anaphunzira ku mishoni ku Blantyre, kumene anadziwira kuliza limba lija lopopa ndi mapazi, ndipo Lamulungu lililonse ndiye ankatsogolera kwaya pa tchalitchi chawo cha udzu. Mukadamufunsa kuti odziwa kuyimba m'dziko muno ndani, akadatchula kwaya ya ku mishoni ndi asilikali a malipenga a ku Zomba, basi. Ena onse ankawayesa ochita phokoso.

Osenza mabelo m'shedimo anali Ayao, Asilamu ochokera cha ku Chiradzulu. Kapitawo wawo anali Che Kalimu, munthu wamfupi wa mapewa otambalala, wosakonda zolankhulalankhula. Anthuwa akamakweza mabelo m'sitima ankayimba, ndipo Wilkins akangomva ayamba ankadzuka n'kutseka zenera, poti nyimbozo zinkamusokoneza masamu. Zaka zinapita ndithu zinthu zili chomwecho. Moni ankapatsana, koma zinkathera pa moni pomwepo.

Loweruka lina m'dzinja, ataweruka masana, mvula inamupeza asanatuluke pa mpanda. Inagwa ya mphepo, yosati munthu n'kuyendamo, choncho anathamangira m'shedi. Anapeza antchito atakhala pa mabelo, sitima imene ankadikira isanafike. Mkazi wa Che Kalimu, dzina lake Mwanakombo, amene anabweretsera mwamuna wake chinangwa chophika, nayenso mvula inali itamutsekereza momwemo. Anamusunthira Wilkins malo, iye n'kukhala cha kukhomo, maso ali kumwamba kuyang'ana ngati kungayere.

Kumbuyo kwake anamva waya ukulira. Atacheuka anaona Che Kalimu atatulutsa bangwe m'chiguduli, kathabwa ka zingwe zawaya kolowetsedwa m'chitini cha palafini kuti mawu akule. Pambali pake panali Sidiki, mwamuna wamtali woonda, akupaka utomoni pa uta wa kaligo, choyimbira cha chingwe chimodzi. Wilkins anausa moyo, nati mumtima mwake, lero ndiye ndilibe kothawira.

Bangwe anayamba yekha, pang'onopang'ono ngati munthu woyenda poterera. Kenaka kaligo analowa pamwamba pake ndi mawu owonda, olira ngati a munthu, ndipo Che Kalimu anatsegula pakamwa. Mawu ake anali okhuthala, osakweza, koma anadzaza shedi yonse mpaka phokoso la mvula pa malata linakhala ngati likuchokera kutali. Wilkins Chiyao ankangochimva mwa apo ndi apo, komabe nkhaniyo anaitola: munthu wina anasenza mchere kuchokera ku Chilwa, mvula n'kumupeza panjira, ndipo anafika kwawo dengu lili mbee, mchere utasungunuka, ana akumuthamangira. Pamene amuna onse anavomera, Mwanakombo analowa ndi mawu ake, osati pamodzi ndi iwo, koma pambuyo pang'ono, ngati akuwatolera zimene agwetsa. Wilkins anatchera khutu. Anayesa kuwerenga kagundidwe kake monga anazolowera ku kwaya, koma anasokonezeka, nasiya, n'kungokhala chete manja ali pa mawondo.

Nyimbo itatha mvula inali itakata kale, iye osadziwa.

"Che Kalimu," anatero, "zimenezi munayamba liti?"

"Inu akalaliki mukubwera kudzayamba ntchito pano, munatipeza tikuyimba."

"Nanga ine ndinali kuti?"

"Munali pa ntchito yanu," anayankha Che Kalimu mosanyoza, uku akubwezera bangwe m'chiguduli. "Za pokweza mabelo zija n'zongopepukitsa msana. Mukafuna nyimbo, bwerani kunyumba Loweruka."

Anapitadi. Nyumba zawo zinali kuseri kwa njanji, pafupi ndi mzikiti wawung'ono wa udzu. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango, oyandikana nawo akubwera ndi mikeka yawo, ndipo nyimbo zinkatuluka zina pambuyo pa zina ngati sizidzatha: za maukwati, za ulendo wa ku gombe umene makolo awo ankayenda, zonyogodola alesi, zolira amayi. Zambiri anapeka ndi Che Kalimu mwini. Sidiki ankati akamuuza nyimbo yatsopano m'mawa, pofika madzulo kaligo waidziwa kale. Wilkins ankabwerera ku Chigumula dzuwa likupendeka, mutu uli wodzaza, mtima ukumuwawa ndi zaka zonse zimene anthuwa anali pafupi naye chonchi.

Lamulungu lina anthu atatuluka m'tchalitchi, anatsalira kuti ayese nyimbo ya mchere pa limba. Inakana. Mawu ena ankagwera pakati pa mabatani awiri, pomwe chala sichingaponde, ndipo chimene chinkatuluka chinali chinthu china chouma. Anayesa kangapo, n'kutseka limbalo.

Felicia sizinkamusangalatsa.

"Bambo a Joan, akulu ampingo akamva kuti mtsogoleri wa kwaya amakhalira ku mzikiti, mudzawayankha chiyani?"

"Sindipita ku mzikiti. Ndimapita pansi pa mango."

"Anthu akamanena sasiyanitsa zimenezo."

"Tiyeni mukamve nokha. Mukakati n'zachabe, ndidzasiya."

Felicia anapita nkhope ili yomanga, nakhala kumapeto kwa mkeka ngati mlendo wa pa maliro. Koma Mwanakombo anamukokera pafupi, n'kumamunong'oneza povomera. Pobwerera, atadutsa minda ya chimanga, Wilkins anamumva akung'ung'udza chapansipansi. Nkhani ya akulu ampingo sinatchulidwenso.

Chimene chinkamuvuta Wilkins chinali chakuti nyimbo zoterezi zinkangothera pansi pa mtengo umodzi. Tsiku lina atatumidwa kunyumba kwa bwana wake, mzungu woyang'anira kampaniyo, anaona galamafoni ikuyimba pakhonde, mawu a mayi wina wa kutsidya kwa nyanja akutuluka m'chilipenga. Analimba mtima n'kufunsa ngati makinawo angathe kusunga mawu a anthu a kuno. Bwanayo anaseka, osati mwachipongwe, nati mbale zake zimapangidwa ku Ulaya, kuno kulibe makina otero, ndipo sakuona woti angawabweretse. Wilkins anathokoza n'kubwerera ku ofesi.

Nthawi yonseyi nkhondo ya Jeremani inali mkati. Poyamba inali nkhani ya kumpoto, yongomva. Kenaka amesinjala anayamba kulowa m'midzi kugwira amuna kuti akakhale amtengatenga, osenza chakudya ndi zipolopolo za asilikali. Ogwira ntchito kwa azungu ankasiyidwa, choncho anthu a m'shedi ankadziona ngati ali pabwino. Koma nkhondo inatalika, osenza anatha m'midzi, ndipo lamulo linafika loti makampani nawonso apereke anthu.

Bwana anaitana Wilkins m'mawa. Anati gulu lonse la Che Kalimu likufunika, chifukwa ofuna anthuwo anena kuti akufuna ozolowera katundu wolemera.

"Bwana, fodya watsala pang'ono kuyamba kubwera. Adzasenza ndani?"

"Tidzapeza ena."

"Kapitawo yekha musiyeni. Ndi wamkulu, ndipo shedi amaidziwa ndi iye."

"Ndinayesa," anatero bwanayo, osamuyang'ana. "Si ine ndikulamula. Pita ukawauze, iwe ndiye umamvana nawo."

Wilkins anatuluka. Anawoloka bwalo kupita ku shedi. M'shedi anthu anasiya ntchito atangoona nkhope yake. Anawauza zonse monga anauzidwira: kuti anyamuka mkucha, kuti atenge bulangete ndi mbale, kuti akuti sakachedwa. Mawu omalizawo anawanena akuyang'ana pansi.

Che Kalimu anapukuta manja pa nsalu yake.

"Akalaliki, mawuwa ndi anu kapena ndi a bwana?"

"Ndi a bwana. Iwonso akuti si awo."

"Ndiye tikadandaule kwa yani?"

Wilkins anabwerera ku ofesi. Madzulo ake, asanapite kwawo, anadzera kuseri kwa njanji n'kuuza Che Kalimu kuti athawire ku phiri, iye adzanena kuti sakudziwa kumene apita. Anayankha ndi Mwanakombo, ali chogwada pa mtondo.

"Kwathu othawa anawagwirira akazi awo, n'kuwatsekera mpaka amunawo atabwera okha. Ine ndikanalola kutsekeredwa, koma awa sangalole. Takambirana kale."

"Zili m'manja mwa Mulungu, achimwene," anatero Che Kalimu. Aka kanali koyamba kumutchula choncho.

Ananyamuka m'mawa pa msewu wa ku Zomba, mzere wautali, aliyense bokosi pamutu. Wilkins anajomba ku ntchito n'kuwatsatira m'mbali mwa msewu pamodzi ndi akazi ndi ana. Msilikali wowaperekeza anawauza kuti ayimbe kuti mapazi agwirizane, ndipo Che Kalimu anayambitsa ina mwa zokwezera mabelo. Cha ku Mapanga operekeza onse anabwezedwa. Wilkins anaima pa chulu mpaka mawuwo anasiya kumveka.

Kunapita dzinja, kunabwera lina. Uthenga sunkabwera. Felicia ankapita kwa Mwanakombo ndi ufa kapena nandolo, ndipo ankakhala pamodzi osanena zambiri. Nkhondo itatha kunabwera nthenda ya fuluwenza, imene inatseketsa matchalitchi ndi misika, maliro n'kumachitika mbali zonse. Nthendayo itayamba kuchepa, amtengatenga anayamba kufika mmodzimmodzi, ena osazindikirika ndi kuwonda.

Sidiki anabwera yekha. Wilkins atamva anapita tsiku lomwelo, n'kumupeza atatsamira khoma la nyumba ya Che Kalimu, mapazi atatupa. Sidiki anafotokoza mosazungulira. Che Kalimu anadwala kamwazi kutsidya kwa nyanja, m'mapiri a dziko la eni. Anayenda nako mpaka miyendo inakana, ndipo gulu silinaime. Sidiki anatsalira naye mpaka anamwalira, namuika yekha m'mbali mwa njira, atakumba ndi chikwanje.

"Ndinamuyang'anitsa koyenera Msilamu, monga ndinathera kuganizira dzuwa," anatero. "Madzi omusambitsa panalibe."

Enawo Sidiki sankadziwa kumene anathera, poti anawagawa m'magulu osiyana.

Patapita milungu, Sidiki atayamba kupezako bwino, Wilkins anamupempha kuti atenge kaligo, amene nthawi yonseyi anali pa denga kwa Mwanakombo. Sidiki anakana, koma atamuchonderera anavomera. Anamanga chingwe china, napaka uta utomoni, n'kuyamba. Mawu aja analipo ndithu. Anayimba pang'ono, n'kuima.

"Apa amalowa Che Kalimu," anatero.

Wilkins anayesa kulowa ndi pakamwa. Mawu ena a Chiyao anali atawaiwala, ndipo pamene ankakumbuka ankafulumira kapena kuchedwa. Sidiki anayambiranso, anafikanso pomwepo, zinakanikanso.

"Bangwe alipo m'nyumbamu," anatero Wilkins. "Palibe wina angamugwire?"

"Ogwira bangwe alipo ambiri. Koma nyimbozi zinali m'mutu mwa mwini wake. Ine ndimangodziwa njira yanga, amayiwa yawo." Anaika kaligo pansi. "Tisiye, akalaliki. Zikundipweteka pamtima."

Masiku a kulira kwake atakwanira, Mwanakombo anaganiza zobwerera kwa abale ake ku Chiradzulu. Sidiki anati amuperekeza, ndipo iyenso sabweranso ku Limbe, chifukwa msana wake sungathenso belo. Wilkins anapita kwa bwana kukamupemphera ntchito yopepuka, ya ulonda kapena yosesa, koma malo onse anali ndi anthu kale.

Tsiku la ulendo Wilkins ndi Felicia anabwera kudzathandiza kunyamula. Katundu sanali wambiri: mikeka, miphika, mtolo wa zovala, ndi bangwe ali m'chiguduli chake, woti akaperekedwe kwa abale a malemu. Wilkins anasenza mikeka, Felicia miphika, n'kuyenda nawo mpaka pa mphambano pamene njira ya ku Chiradzulu imapatukira. Pamenepo anatula, Sidiki ndi Mwanakombo n'kugawana katunduyo.

Wilkins anafuna kunena kanthu za tsiku lija anawauza za ulendo wa kunkhondo. Mwanakombo anamuona, nayamba ndiye kulankhula.

"Akalaliki, musamadzidye mtima. Mukadakana inu, akadanena wina."

Anagwirana chanza ndi Felicia nthawi yaitali, kenaka anasenza mtolo wake n'kutsata Sidiki, amene anali atayamba kale kuyenda motsimphina. Njirayo inkalowa m'minda, chimanga chitatalika, ndipo posachedwa mitolo yokha ndiyo inkaoneka pamwamba pa ngayaye, kenaka osaonekanso.

"Tiyeni, bambo a Joan," anatero Felicia. "Kwathu n'kutali, ndipo mwana tamusiya kwa eni."