Masiku Atatu Osapereka Moni

Mawu a aphunzitsi a Mphepo anatha Lachiwiri, ali pakati pa samu. Ana anali zana limodzi ndi makumi atatu, m'chigafa chakale cha fodya chimene anthu a ku Simlemba amachitchula kuti kalasi. Chitukuko chimene ankalonjeza kale chija chinafikadi, chinangoiwala zipupa.

Vuto linali Loweruka. Tsikulo a Mphepo anayenera kulankhula ngati nkhoswe ya Fainala, mwana wa mlongo wawo, ndipo anali atakonza kale mawu a ola lathunthu, okhala ndi miyambi isanu ndi iwiri.

Namwino anawalamula kuti akhale masiku atatu osalankhula, azimwa madzi ofunda pafupipafupi, ngakhale kunong'ona ayi, poti kumapweteka kholingo kuposa kukuwa. Namwinoyo anali wa m'tauni. Sankadziwa kuti njira yochokera kusukulu imadutsa pa nyumba za matenanti, pomwe khomo lililonse limadikira moni wake.

Lachitatu anapeza mayi Esitere, azakhali a mnyamata wofunsira Fainala, akusankha fodya pakhonde.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"

A Mphepo anangogwedeza mutu n'kuloza pakhosi, kenako anapitirira. Mayi Esitere anauza anzawo kuti aphunzitsiwo angowaonetsa taye m'malo mwa moni. Pofika Lachisanu esiteti yonse inali itadziwa kuti amalume a mkwatibwi sataya malovu pa matenanti a ku Phalombe, ndipo uthenga unafika woti akuchimuna sabwera.

Loweruka m'mawa mawu aja anabwerera, omveka ngati belu la tchalitchi. A Mphepo anayesa mwambi woyamba ali kubafa, nadzimvera okha kukoma. Potuluka anapeza Fainala wakhala pakhomo, maso ali otupa.

"Malume, mawu anuwo mwawasunga bwino. Ndiye ndikwatiwa ndi mawuwo?"

A Mphepo anavala nsapato. Anayenda makomo makumi awiri ndi atatu, fumbi la fodya likulowa kukhosi, ndipo pa khomo lililonse anafunsa za ana, za chifuwa, za mvula ya kumudzi. Mayi Esitere anawasiya chiimire padzuwa, nawafunsa za wachibale aliyense mmodzimmodzi, mpaka ena amene anamwalira nthawi ya chilala.

Masana akuchimuna anabwera. Onse atakhala pamphasa, a Mphepo anaimirira, nakonza taye, natsegula pakamwa. Panatuluka kamluzu ngati ka tayala lobooka. Anayesanso, osatheka. Anakhala pansi n'kuwomba m'manja katatu, ndipo nkhani yonse inatha m'mphindi khumi, n'kugwirizana tsiku laukwati.

"Koma nkhoswe iyi ndi yaulemu," anatero mayi Esitere akupinda mphasa. "Ophunzira enawa akanatilankhula mpaka fodya kuola m'chigafa."

Fainala anawabweretsera amalume ake madzi ofunda, monga analamulira namwino. Anamwa mwakachetechete, pepala la miyambi lili m'thumba.