Dzira la Elsie

Aphunzitsi a Anderson sindidana nawo ayi, koma munthu wa kumtunda ndi wa kumtunda basi, za kuno kunyanja sazidziwa. Atangofika pa sukulu ya mishoni ku Senga, chaka chotsatira njala yaikulu ija, anayambitsa zoti ana azitola zam'tchire n'kumakasunga kunyumba, ati makolo nafenso tiphunzireko za chilengedwe. Ena anatola mbululu, ena nthanga za malambe. Mwana wanga Elsie anabwera ndi dzira, ati la ng'azi, walifukula kumabango. Analikwirira mumphika wa mchenga kuseri kwa nkhokwe. Ine sindinalione n'komwe, ndinangoti zachibwana.

Lachitatu m'mawa ndikusesa, ndinamva kulira mumphikamo. Kwii, kwii. Ng'azi salira choncho, abale. Nditapalasa mchenga ndinaona kakamwa kakatali katatuluka pachigoba, timano tili mbee. Mayo ine, ng'ona!

Mundimvetse. Kuno woweta ng'ona ndi mfiti, amati amaituma kukagwira adani ake. Ndiye ine ndinali nditakangana ndi msodzi wina, Omari, mbuzi zanga zitamutafunira ukonde. Posakhalitsa ng'ona inamugwira. Kuyambira pamenepo amayi kudooko akandiona ankatsitsa mawu. Lero apeze kang'ona kuseri kwa nkhokwe yanga? Mudzi uno ndikanautuluka masanasana.

Ndinatenga munsi. Elsie anandikakamira nsalu, misozi ili chuchuchu.

"Amayi musaphe, ndi kanga! Aphunzitsi anati chimene ukusunga usamachiphe."

Munsi uja ndinauika pansi. Kang'onako ndinakaponya mumtsuko, n'kuvundikira ndi masamba, n'kusenza. Kudooko kunali amayi akuchapa, ndinapitirira. Pamabwato amuna akusoka maukonde, kanthu kaja ndi pomwe kayambe kulira, ine kutsokomola dala ngati wa chifuwa chachikulu. Ndinayenda thukuta lili kamukamu, ndikucheukacheuka, mpaka kumabango kopanda munthu. Kumeneko ndinapendeketsa mtsuko.

"Pita! Usadzabwerenso kwathu."

Elsie anali pambuyo panga. Ndinamugwira khutu. "Akakufunsa, dzira linaola. Wamva?" Anavomera ndi mutu.

Mtima sunakhale pansi. Munthu akangoti odi, ine phuphu kudzidzimuka. Mchenga uja ndinautaya kuchimbudzi, mphika ndinauswa, komabe ndinkapitapita kuseri kwa nkhokwe kukasesa pomwe ndasesa kale.

Loweruka aphunzitsi anaitana makolo tonse, Akhristu ndi Asilamu omwe, pansi pa mtengo wa mango, kuti ana afotokoze zomwe anaona. Wa mbululu anaonetsa kachule, anthu n'kuomba m'manja. Wa malambe anaonetsa kambande, anamupatsa choko. Kenako anaitana Elsie.

"Langa linaola," anatero, maso ali pansi.

Ana anzake anaseka. "Eee, wosadziwa kusunga! Wasunga dzira loola!"

Mwanayu ndinabala ndine, kusekedwa sapirira. Ndinamuyang'anitsitsa, ndikupemphera chamumtima kuti akhale pansi. Iye anatukula mutu.

"Bodza, silinaole! Linaswa ng'ona yamoyo, ya mano! Amayi anga anaisenza mumtsuko mpaka kumabango, anailankhula, iyo n'kumva n'kupita!"

Amayi amene ndinakhala nawo pamphasa anayamba kusendera kumbali, wina akukoka mwana wake. Aphunzitsi okha, nkhope ili mwee, ndi amene anaomba m'manja.