Moto wa Mfuti M'maso mwa Betty

Madzulo ena m'nyengo yozizira, mdima utagwa msanga, Betty ankadikira basi ku Tottenham, kutsidya kwa nyanja komwe ankakhala, pamene anyamata awiri anayamba kukangana. Mmodzi anasolola mfuti n'kuwombera. Phokoso lake Betty salikumbukira. Chimene chinamutsalira m'maso ndi moto umene unathwanima kukamwa kwa mfutiyo, ngati kamphezi. Sanavulale, koma kuyambira tsiku limenelo, chinthu chikangothwanima ankangoona mfuti ija.

Anangouza mnzake Angel basi, osati Fatsani, mnyamata amene ankafuna kumukwatira.

"Iwe, khala chete," anatero Angel. "Ukamuuza Fatsani aziti mutu sukuyenda. Chinkhoswe chidutse kaye, mwamuna ngati uja sapezekapezeka."

Betty ankamukonda Fatsani moti kungomva dzina lake mtima unkadumpha. Anakhaladi chete.

Chinkhoswe chinachitikira mu holo ya tchalitchi ku Peckham. Monga mwa mwambo, azakhali anamufunditsa chitenje kuyambira kumutu, kuti Fatsani amuzindikire pakati pa atsikana ena. M'chitenjemo munali mdima bii. Fatsani sanachedwe n'komwe, anadziwa kaimidwe kake. Atangomuvundukula, mafoni ndi makamera onse anathwanima pamodzi.

Betty anakuwa n'kudzigwetsa pansi atagwira kumutu. Nthungululu zinadukira panjira.

"Kapena akukana mwamunayu?" wina ananong'ona.

Mayi Margaret, namwino wa ku Romford, anagwada pambali pake. "Tsitsani mafoniwo! Tsegulani makatani!" Kenako anafunsa chapansipansi: "Mwana wanga, waona chiyani?"

"Mfuti, anti. Yawalanso."

Misozi ili chuchuchu, anafotokoza zonse.

"Imeneyi si misala, si ziwandanso ayi," anatero Mayi Margaret akumusisita kumsana. "Thupi lako likukumbukira zoopsa zimene linaona. Anthu otere timawaona kuchipatala, ndipo amachira. Upite kwa GP, dokotala wa m'dera lako, akakutumiza kwa aphungu odziwa zimenezi. Koma wavutikiranji wekha nthawi yonseyi?"

Betty anayang'ana Fatsani. "Ukundifunabe?"

Fatsani anakhala pansi pomwepo, suti yake yatsopano ili m'fumbi. "Ndakuzindikira uli m'chitenje, ndiye ndikutaye chifukwa cha kamera? Kwa dokotala tipitira limodzi." Anatembenukira anthu. "Ofuna zithunzi, tikajambulire panja kukadali kowala. Koma poyamba, ankhoswe, pitirizani. Mkazi wanga ndi yemweyu."

Nthungululu zija zinayambiranso, ndipo Betty anadzuka atamugwira dzanja.

Phunziro: Ngakhale chipolopolo chisakukhudze, zimene maso aona zimavulaza. Usabise mantha, uza okukonda ndipo upite kuchipatala.