Makiyi Awiri a Che Mustapha

Nuru anadinanso batani la rimoti, koma galimoto inangoti zii pansi pa mtengo wa mango. Anayandikira, n'kuiloza pagalasi penipeni. Palibe chinachitika. Kumbuyo kwake kunali amayi awiri achikulire a ku Namwera, zikwama zili m'manja, akudikira kuti awaperekeze kwawo, poti sadaka ya maliro a bambo ake, Che Mustapha, inali itatha dzulo lake.

Zena, mkulu wake wobadwa kwa mayi ena, ankaona zonsezi ali pakhonde akutsuka mbale. Manja ake anaima m'madzi.

Che Mustapha anali ndi mabanja awiri, lalikulu la mayi ake a Zena kuno kwa Mponda, lina la mayi ake a Nuru ku Namwera. Galimoto yawo ya Sienta inkakwera ndi kutsika phiri la Chowe itanyamula anthu, usipa ndi tomato, ndipo ana awo aakazi awiriwa anawaphunzitsa kuiyendetsa. Makiyi analinso awiri, wina m'thumba mwawo, wina ku Namwera. Tsiku limene anagwa pabwalo la mzikiti, rimoti ya kiyi wawo inaphwanyika. Polowetsa kiyi pachitseko napo panawonongeka kalekale akuba atayesa kuthyola, motero popanda rimoti, galimotoyo sinkatseguka.

N'chifukwa chake Zena anagula rimoti ina m'tauni. Dzulo madzulo, atapeza kuti Nuru wasiya galimoto yosakhoma atatsitsa nkhuni, analowamo n'kutsatira kanema wa pafoni wophunzitsa kulumikiza rimoti yatsopano. Maloko atagunda okha, anamwetulira koyamba chimwalirire bambo ake.

"Achemwali," anatero Nuru akubwera pakhonde, "galimoto mwaichita chiyani?"

"Ndangoiphunzitsa rimoti yatsopano."

"Nanga yangayi yafa bwanji?"

"Mwina ndi batire."

"Batire ndinasintha mwezi watha." Nuru anakweza rimotiyo m'mwamba. "Amalume Che Iddi ananena kuti za katundu tidzakambirana pa arubaini, masiku makumi anayi akakwana. Kapena inu mwagawa kale?"

Zena anapukuta manja, n'kulowa m'nyumba, n'kuoneranso kanema uja mpaka kumapeto, kumene dzulo sanafike. Mwamuna wa m'kanemayo ankachenjeza kuti ukapotoza kiyi mopyola, galimoto imaiwala marimoti onse akale n'kutsala ndi yatsopano yokha.

Mayi ake a Zena anali pamkeka pafupi ndi zenera, atafunda mpango, monga mmene namfedwa amakhalira. Anali atamva zonse.

"Yangochitika mwangozi eti?" anafunsa.

"Mwangozi, amayi."

"Ndiye isiye choncho. Zaka zonsezi ndakhala ndikugawana mwamuna. Ndigawanenso chitsulo?"

Zena anayang'ana kiyi m'dzanja lake. Nayenso anali ndi zake zosunga mumtima: masiku a Idi amene bambo ake ankadya mothamanga kuti akafike ku Namwera dzuwa lisanalowe, ndi tsiku lolandira satifiketi yake limene anafika mwambo utatha. Tsopano galimoto inali ikumva iye yekha, ndipo palibe akanati waba.

Pazenera anaona Nuru akusenza zikwama za amayi aja kuti akakwere minibasi kudepoti. Ankayenda phewa limodzi litatsika, ndendende bambo awo. Zena anakumbukira kuti mayi ake a Nuru amadwala shuga, ndipo mwezi ndi mwezi galimoto yomweyi ndiyo inkawatsitsa phiri kubwera nawo kuchipatala.

"Amayi," anatero pang'onopang'ono, "makiyi anadula awiri ndi eni ake."

Mayi ake anatembenukira kukhoma.

Zena anathamanga n'kumupeza Nuru pageti.

"Tula katunduyo. Ndalakwitsa ndine, galimoto yaiwala rimoti yako. Kuti ikumbukire, pafunika marimoti onse awiri nthawi imodzi."

"Mukufuna kiyi wanganso?"

"Usandipatse. Ugwire wekha."

Nuru anamuyang'ana, kenako anatula zikwama.

Zena anakhala pampando wa dalaivala, Nuru pambali pake, foni ataitsamiritsa padashibodi. Ntchito yake inali ngati masewera a ana: kulowetsa kiyi n'kutulutsa, kutseka chitseko n'kutsekula, kubwerezanso, zonse mwachangu nthawi isanathe. Ulendo woyamba Zena anachedwa. Wachiwiri anasokoneza ndondomeko, maloko osagunda n'komwe. Amayi a ku Namwera aja anakhala pazikwama zawo, akuonerera chitseko chikungoti pha, pha.

"Kodi anawa akuipepesa galimotoyo kapena akuimenya?" anafunsa mmodzi mwa iwo.

Nuru analephera kudzigwira, anaseka atatseka pakamwa ndi mpango, misozi ikutsika nthawi yomweyo.

"Achemwali, inu muzingogwira kiyi ndi chitseko. Ine ndizikuuzani chotsatira."

"Chabwino. Koma usandikalipire ngati ababa."

"Inunso ankakukalipirani? Ine ankandiuza kuti Zena anaphunzira kuyendetsa tsiku limodzi."

"Bodza! Ine ankandiuza kuti Nuru sanazimitsepo injini pachitunda."

Anayang'anizana, kenako Nuru anayambitsanso kanema. Ulendo uno ankatchula mokweza, Zena n'kumachita. Atapotoza kiyi n'kumutulutsa, maloko anagunda okha.

"Dinani yanu!"

Zena anafinya mabatani awiri pamodzi, kenako lokhomera. Maloko anayankha.

"Tsopano yako, fulumira!"

Nuru anadina. Panapita kamphindi. Maloko anayankhanso.

Anatuluka onse n'kuima chapatali. Nuru anakhoma ndi rimoti yake, Zena anatsekula ndi yake, magetsi akuphethira. Amayi aja anaombera m'manja mwakachetechete, pokumbukira kuti pakhomopo padakali chisoni.

"Lachiwiri ndidzabwera nayo," anatero Nuru akulonga zikwama kumbuyo. "Ndi tsiku la amayi kuchipatala. Tikadzatuluka ndidzaisiya kuno."

"Mudzadyere kuno nkhomaliro. Zotsalazo adzaweruza amalume."

Amayi aja atakwera, Nuru anagwira chitseko kuti alowe, koma anachisiya. Anakwinya chitenje, n'kugwada pafumbi, n'kusuzumira kunsi kwa galimoto. Mbali inayo anaona nkhope ya Zena, nayenso atagwada, tsaya lili pafupi ndi dothi. Che Mustapha sankaliza injini asanatero, ngakhale atavala mkanjo woyera wa Lachisanu, ngakhale okwera akudandaula kuti achedwa. Ankati pansi pa galimoto pali mthunzi, ndipo mthunzi sukhala wopanda mwini.

Pafupi ndi tayala lakumbuyo panali kamwana ka bakha ka anansi, katabisa mutu m'mapiko. Nuru anatambasula dzanja n'kukakankhira mbali ya mkulu wake. Zena anakanyamula ndi manja awiri n'kukakaika pansi pa mtengo wa mango, ndipo anakodola kuti njira yayera.