Dzuwa la kwa a Rozina

Chiperoni chikatsika ku Bvumbwe sichiodira. Chimangofika, mbee, kukhala pa mitengo ya bulugama, kukhala pa malata, kukhala m'mafupa a anthu, osanena tsiku lochoka. Si mvula yoti munthu n'kuibisalira n'kudikira kuti ikate. Ndi mawawa basi, kuwaza m'mawa, kuwaza masana, kuwaza ngati pali wina akukupemerera madzi mwadala. Pa zingwe za m'makomo zovala zimangoti lende, malaya lende, zitenje lende, mayunifolomu a ana lende, ndipo ukazigwira lero zili momwe unazigwirira dzana. Ukazilowetsa m'nyumba zimayamba kafungo kaja ka galu wonyowa.

Kumunsi kwa msika, m'nyumba ya njerwa zootcha, Rozina Mpweya ankasamalira mayi ake. Sitiroko inawalanda mwendo, inawalanda mkono wamanja, inawalanda ndi mawu omwe, n'kuwasiyira maso awiri ndi dzanja lamanzere. Munthu wogona chonchi amanyowetsa pogona, amenewo ndi matenda osati manyazi, koma akagonera chinyezi khungu limatseguka zilonda zosamva mankhwala. Rozina anaziona zilondazo chaka chatha, nyengo yomwe ino, ndipo sankafuna kudzazionanso. N'chifukwa chake achimwene ake a Lemisoni, omwe amagwira ntchito ku Joni, anatumiza makina oumitsira zovala, chibokosi choyera cha chitseko chozungulira. Anachiika m'kachipinda koyandikana ndi kogona amayi, pakati pongotchinga ndi matabwa, paipi yotulutsa mpweya wotentha n'kuidutsitsa pawindo.

Makinawo anabwera ndi malamulo, ndipo malamulowo ankabwera pafoni Lamulungu lililonse. Uzichotsa ubweya pa sefa ukangomaliza, chemwali, ubweya umenewo umayaka kuposa udzu. Pulagi izilowa kukhoma, osati pa ekisitenshoni. Paipi isapindike. Makintoshi a amayi, aja oyala pabedi, asalowemo, champhira chilichonse chisalowemo, nsalu yomwe yakhudza palafini kapena mafuta isayandikire n'komwe. Usamachoke makina akuyenda. Akaima pakati, tulutsa zonse uziyale zizizire, usazisiye mulu. Rozina ankamvetsera foni ili paphewa, manja ali m'beseni, mtima ukuwira pang'onopang'ono. Munthu amene sanachapepo bedishiti ya mayi ake ngakhale imodzi, lero ndiye mphunzitsi wa zochapa! Komabe malamulowo ankawasunga. Akamaliza ankasolola sefa, n'kukanda ubweya wotuwa uja ndi chala, mbuu, wofewa, wouma gwaa, n'kukautaya kudzala.

Lamulo limodzi lokha a Lemisoni anaiwala kutumiza: mmene munthu amakanira aneba.

Nkhani inayamba ndi nkhuku. Zinazindikira kuti pansi pa windo lija pamatuluka kamphepo kofunda, konunkhira sopo, ndiye zinkaunjikana pamenepo nthenga zili nyankhalala. Eni nkhuku pozilondola anaona paipi, anafunsa, anauzidwa, ndipo pofika madzulo dera lonse linali litamva kuti kwa a Rozina kuli dzuwa la m'nyumba. Basi mabeseni anayamba. Beseni la mayunifolomu, poti mwana akabwezedwa kusukulu. Beseni la matewera, poti khanda latuluka totupa. Suti ya mkulu wa mpingo, poti Loweruka kuli ukwati. Wina anabwera ndi jombo zamphira. Wina anasenza siponji ya matiresi yathunthu, ngati ikanalowa pa kachitseko kameneko. Ndipo mayi wina, osachita nthabwala, nkhope ili bwinobwino, anafika ndi lichero la mphale yonyowa kuti mwina makinawo angaiwambeko pang'ono asanapite nayo kuchigayo.

Zajombo ndi zamphale Rozina ankazibweza ndi phwete, koma zinazo ankalandira. Ankalandira akung'ung'udza chamumtima, ankalandira mano atalumana, ankalandira mabedishiti a amayi ake ali pamzere kudikira kumbuyo kwa masokosi a ana a eni. Zinkamutopetsa, zinkamunyansa, ndipo chomwe chinkamunyansa koposa n'choti pakamwa pake mawu oti ayi sankatuluka. Akanatuluka bwanji? Anthu omwewa ndi amene ananyamula amayi tsiku lomwe anagwa pabwalo. Omwewa ndi amene ankabwera ndi phala kuchipatala. Ndipo woyamba kufika tsiku limenelo, atasiya chiwaya pamoto, anali mai Khoromana a kuseri kwa mpanda, okazinga mandasi ogulitsa pamsewu.

Tsiku la nkhaniyi nkhungu inali itatsika mpaka pa mawondo. Rozina anali m'kati mowatembenuza amayi, dzanja lina kumsana, dzanja lina pansi pa mawondo, pomwe anamva mawu a mai Khoromana pakhomo.

“Odi aneba. Timatewera ta mdzukulu wanga basi, tochepa.”

“Ponyanimo nokha, aneba, mudine pofiirapo,” anayankha Rozina, osadzutsa mutu.

Sanayang'ane m'besenimo. Akanayang'ana akanaona kuti pansi pa timatewerato panali nsalu za ntchito ya mai Khoromana: zopukutira chiwaya, zoyala m'dengu la mandasi, zogwirira chipande, nsalu zomwa mafuta tsiku ndi tsiku mpaka kulemera. Mai Khoromana anazichapa, inde, ndi sopo ndi madzi ozizira a pampopi. Koma mafuta ophikira sachoka ndi madzi ozizira, amangobisala mu ulusi. Makina anayamba kulira, gudugudu, gudugudu, mai Khoromana anabwerera ku chiwaya chawo, nkhuku zinasonkhana pansi pa windo.

Kenaka zii. Magetsi anapita.

Magetsi akapita kuno palibe amadabwa. Wailesi imaduka pakati pa nyimbo, wometa amasiya mutu wa munthu theka, aliyense amangoti “apita” n'kuyang'ana komwe kuli makala. Rozina naye anati apita. Lamulo la achimwene ake ankalidziwa bwino lomwe, loti makina akaima pakati zovala zitulutsidwe, koma m'mutu mwake chinthu cha magetsi, magetsi akapita, ndiye kuti chafa, ndipo chakufa sichiopsa. Anatola mbaula, anatuluka kupita kukhitchini ya panja kukaphika phala la amayi. M'kachipinda muja mulu wa nsalu unatsala m'mimba mwa makina, chitseko chili chitsekere, wotentha, wopanda mphepo youpepesa, mafuta akudzitenthetsa okha m'kati mwa mulu pomwe diso silifika.

Makala a m'chiperoni ndi chilango china. Onyowa, olemera, osamva machesi. Rozina anakupiza ndi chivindikiro, anauzira, anakupizanso, utsi tolo m'maso, utsi tolo m'mphuno, misozi ili mbwembwembwe. Makala akugwira apa, akuzima apo. Madzi anachedwa kuwira, ufa unachita mibulu, nthawi inapita. Fungo lililonse la kupsa lomwe likanamufika, utsi wa mbaula yake unalimeza.

M'nyumba munayamba kumveka kapu. Amayi anali ndi kapu yachitsulo pambali pa bedi, yomwe ankagogoda pa chitsulo cha bedi akafuna munthu. Ngwe. Ngwe.

“Ndikubwera, amayi, phala silinapse.”

Ngwe, ngwe, ngwe. Rozina anapumira m'mwamba. Tsiku lonse munthu uli chiimire, msana ukuwawa, aneba uku, makala uku, ndiye nawonso amayi sangadikire phala kamphindi? Anavundula mwamphamvu mpaka phala linamudumphira pamkono. Koma kapuyo sinasiye. Sinalinso kuitana kwa munthu wanjala, kuja kopumira. Inali kumenya kosalekeza, ngwengwengwengwe, kwa dzanja limodzi lomwe latsala, likumenya ndi mphamvu zonse za thupi lomwe silingadzuke. Mthiko unagwa m'manja.

Atatsegula chitseko fungo linamulandira, guu, fungo la mafuta opserera. Utsi unali utayala kudenga, ukudutsa pamwamba pa matabwa aja kulowa kwa amayi, wopyapyala, wabuluu, wosafulumira. Amayi maso ali tong'o, pakamwa pakuyenda popanda mawu. Rozina sanadziwe kuti mphamvu anazitenga kuti. Anawakweza pa njinga yawo ya odwala, anawakankhira pakhonde, anawafunditsa bulangete, kenaka anabwerera. Anazula pulagi kukhoma. Anakokera beseni la chitsulo pafupi, anatsegula kachitseko kozungulira nkhope atatembenuzira kumbali, n'kukokolola mulu uja ndi mpini wa tsache. Pamwamba matewera oyera bwinobwino. Pakati bii, ndi timaso tofiira tikuyenda m'mphepete mwa nsalu. Atangofika nalo pabwalo beseni lija, mphepo italipeza, moto unangoti buu.

Anauthira ndowa yamadzi, anauthira ina, anaima n'kumaonerera nthunzi ikusakanikirana ndi nkhungu mpaka osadziwanso kuti nthunzi ndi iti. Moto unali utazimiratu. Anachita mantha, mantha enieni, oti akanachedwa ndi phala lija pang'ono pokha akanawapeza amayi ake ali m'moto, akuona, osatha kukuwa. Mantha atatsika, m'malo mwake munalowa ukali. Anakwiyira mai Khoromana, anakwiyira magetsi, anakwiyira a Lemisoni chifukwa chonena zoona ali kutali, ndipo anadzikwiyira yekha kuposa onsewo.

M'kati mwa makina munali mwaye wokhawokha, sefa itapindika ndi kutentha. Sakanawayatsanso mpaka wodziwa za magetsi adzawaone, ndipo wodziwayo anati abwera sabata yamawa, zomwe kuno zimatanthauza tsiku lililonse Mulungu akalola. Kutacha Rozina anali ndi nsimbi ya makala, kusita bedishiti yonyowa kuti iume, kusita, kutembenuza, kusita, nthunzi ikukwera, nsalu ikungofunda osauma. Yomwe amayi anagonera inali itanyowa kale, ndipo youma m'nyumbamo munalibe.

“Odi aneba. Mwadzuka bwanji, nanga odwala? Tija tauma?”

Rozina anaika nsimbi pansi. Anapita kuseri, anatenga beseni lija, analibweretsa n'kuliika pamapazi pa mai Khoromana. Munali phala lakuda la phulusa ndi madzi, ndi kachidutswa ka thewera kopserera m'mbali.

“Tauma,” anatero.

Mai Khoromana anayang'ana m'besenimo, anayang'ana mwaye pamwamba pa windo, anayang'ana chitseko cha chipinda cha odwala. Dzanja linapita pakamwa.

“Inetu ndinachapa, aneba. Ndi sopo.”

“Ndikudziwa. Mafuta sachoka. Amayi akanapsera m'nyumba muno dzulo.”

Mai Khoromana ananyamula beseni lawo n'kulowa mu nkhungu osatsanzika, ndipo Rozina anati chabwino, zithe choncho, akauze dera lonse kuti mwana wa a Mpweya wayamba matama. Anabwerera ku nsimbi yake mtima uli phuliphuli, akukonza m'mutu mawu ena owawa omwe akanawauza, mawu abwino kwambiri, omwe nthawi zonse amabwera munthu atapita kale. Anasita mpaka dzanja linachita dzanzi. Bedishiti inali yomweyo, yofunda, yachinyezi, yosayenera kugonekapo munthu wa khungu ngati la amayi.

Dzuwa likanakhalapo bwenzi lili paliwombo pomwe mai Khoromana anabweranso. Ulendo uno sanaodire. Anaima pakhomo atakumbatira kamtolo m'kati mwa juzi kuti mawawa asakakhudze. Anali mabedishiti awiri a maluwa, opindidwa bwino, a m'sutikesi, aja munthu amasungira alendo kapena tsiku lake lomaliza. Ouma gwaa.

“Agonekeni apa,” anatero. “Mubweza dzuwa likadzatuluka.”

Rozina analandira ndi manja awiri. Ankafuna kukhalabe wokwiya, anali ndi ufulu wonse wokhala wokwiya mpaka mwezi wamawa, ndiye taonani munthu akumulanda ngakhale mkwiyo womwewo. Zinamutopetsa kwambiri mpaka maso anadzaza misozi. Mai Khoromana anatembenuka, anayenda pang'ono, kenaka anaima ngati wakumbuka kanthu.

“Koma akadzakonza makinawo mudzandiuze, aneba. Timatewera tokha.”

Rozina anawayang'ana. Anamva mawu aja akukwera kuchokera m'mimba, akukakamira pakhosi pomwe ankakakamira masiku onse, kenaka anadutsa.

“Ayi, aneba. Makinawa ndi a amayi.”

Mawuwo anatuluka aang'ono, osakweza, ndipo denga silinagwe. Mai Khoromana anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anakoka juzi yawo, nkhungu inawameza asanafike pampanda.

M'chipinda muja Rozina anawatembenuzira amayi kukhoma, anasolola yonyowa, anayala ya maluwa, anawabwezera. Anawapukuta msana, anayang'ana m'chiuno ndi m'zidendene: khungu linali lofiirira pang'ono koma losatseguka. Amayi anasisita nsaluyo ndi dzanja lamanzere, uku ndi uku, kenaka anaikokera kumphuno, ndipo mbali ya nkhope yomwe imayendabe inakwinyika ngati akufuna kuseka. Rozina anawerama n'kununkhiza. Ngakhale ya m'sutikesi, inkamveka mandasi.

Kunja mawawa anali akuwazabe, mbee, pa malata, pa zingwe, pa nkhuku zomwe zinali zitaunjikana pansi pa windo kudikira kamphepo kosabwera. Rozina anatenga kapu yachitsulo ija, yomwe tsopano inali yophwanyika mbali imodzi, anaitsuka, n'kuiika pomwe dzanja lamanzere lingaifikire.