Kachingwe Kobiriwira ka Apongozi

Chaka chimene malole a malasha anayamba kupanikizana pamlatho wa Zambezi, chipatala cha ku Tete chinasintha kalandiridwe ka odwala mwadzidzidzi. Pakhomo anaikapo tebulo ndi namwino womanga tizingwe pamkono. Kofiira, kulowa pomwepo. Kachikasu, kudikira pang'ono. Kobiriwira, kubwerera ku posito, kachipatala ka kudera kwanu, kuti munthu asaswere pabenchi chifukwa cha chimfine. Koma ku Nhartanda anthu ankati kobiriwira n'ka osauka, ndipo Benedicto, yemwe ankakhala komweko, sankawatsutsa.

Lachiwiri m'mawa anafika ndi apongozi ake, mai Leopoldina. Mkazi wake Anabela anali ku Moatize, kumene ankaphikira anthu a kumgodi, ndipo kunyumba ankabwera Loweruka lokha. Maiwo anali a ku Tsangano, zaka za nkhondo anakhala ku Ntcheu, Chipwitikizi sankachidziwa. Womasulira anali Benedicto. Anaima cham'mbali, maso kukhoma, monga aimira mkamwini.

"Afunseni chavuta n'chiyani," anatero namwino, dzina lake Gizela.

"Amayi, akuti mukumva bwanji?"

"Mutu chabe, bambo. Ndi kachizungulire."

Thupi silinali lotentha. Gizela anawamanga kobiriwira.

Pambuyo pawo panafika munthu wa ovolosi ya kumgodi, dzanja atakulunga ndi nsalu. Anamangidwa kachikasu, posakhalitsa analowa. Bambo wina wokhala pabenchi anamukodola Benedicto.

"Mwaona, achimwene? Kuno mankhwala ndi ovolosi. Ngati mulibe, ndiye karefresko, kangachepe kam'manja."

Benedicto anagwira thumba la malaya. Sanali munthu wa ziphuphu, koma usiku anawamva apongozi akutuluka panja kanayi, ndipo kubwerera nawo chonchi sakanatha. Anapitanso patebulo.

"Senyora, ngati pali chofunika, nenani."

Gizela sanamuyang'ane. Maso ake anali pa maiwo, amene anatsamira khoma chilili, benchi lili ndi malo.

"Chofunika chilipo. Ndinu ndani wawo?"

"Mkamwini."

"Ee. Tulukani."

"Nanga womasulira?"

"Ndati tulukani. Munthu wovala zitenje zitatu m'dzuwa la Tete, wokana kukhala pansi, mutu wake ndi wotani umenewo? Ofélia! Siyani chokolopera, bwerani kuno."

Ofélia anali wosesa, mai wamkulu wa ku Angónia. Anawalonjera apongoziwo m'Chichewa cha kwawo, n'kuwalowetsa kuseri kwa katani.

Benedicto anakaima pabwalo, pamthunzi wa khoma. Zonsezi sanazikonde. Anaganiza kuti amuchotsa dala kuti pasakhale mboni, kuti maiwo awamasulitse kamfundo ka pachitenje. Mwina wosesayo ndiye wolandira. Anayamba kukonza m'mutu mwake kalata yodandaula, ya Chipwitikizi chabwino.

Asanafike pa ndime yachiwiri, Ofélia anatulukira. Anamuika m'manja kachingwe kobiriwira, kodula ndi sizasi.

"Nali khobidi lanu, amkamwini. Awamanga kofiira. Agonekedwa."

"Chavuta n'chiyani?"

"Za azimayi. Sabata yatha akupirira, magazi atsala ochepa. Zina akakuuzani mwana wawo. Muimbireni abwere lero, osati Loweruka."

"Koma anati mutu. Ndinawafunsa ndekha."

"Ndiye vutolo. Munawafunsa inuyo." Ofélia anapukuta manja paepuloni. "Akanalola kufera ku posito kusiyana ndi kutchula zimenezo m'khutu mwanu. Sukulu yonseyi, zimenezi osazidziwa?"

Benedicto anayang'ana kachingwe kali m'manja mwake. Pakhomo panadutsa machira a mawilo. Anaona mkono wowonda ndi kachingwe kofiira. Mai Leopoldina atamuzindikira anatembenuzira nkhope kukhoma, nayenso anayang'ana pansi mpaka machirawo atapita.

Bambo wa pabenchi uja anasuzumira panja.

"Zatheka, achimwene? Mwapereka zingati?"

Benedicto anapinda kachingwe kaja, n'kukaika m'thumba. Anatulutsa foni, nayamba kufufuza nambala ya Anabela.