Nthanga za Amida

Mkazi wake Amida atamwalira, Uladi anachoka ku Makanjira ndi njinga, mkeka wopempherera ndi kachitini ka nthanga za maungu basi. Mkamwini alibe chake, izi n'zodziwika. Sadaka ya maliro itangotha, akuchikazi anamusudzula mwaulemu, mwana n'kutsala m'manja mwa amalume ake, a Swadick. Mwanayo, Nadia, anali asanayambe n'komwe sukulu.

Uladi anakapezeka pa Chiponde, akupalasa kabaza, kunyamula matumba a anthu owolokera ku Mozambiki. Ankagona m'kachipinda ka lendi kuseri kwa chigayo, kopanda ndi pobzala tsabola pomwe. Atapita kukaona mwana chaka chathachi, Nadia anathawira kumbuyo kwa mayi ake aang'ono n'kufunsa kuti, "Bambo awa akufuna ndani?"

Ha, mawu amenewo! Uladi ankawamva pokwera chitunda, ankawamva podya. Ankaopa chinthu chimodzi chokha, kuti mwana wake amuiwaliratu iye akadali moyo.

Masika atafika, maungu atati mbwee pamsika, anakumbukira zomwe Amida ankachita nyengo ngati imeneyi. Ankatsuka nthanga, kuziyanika pa lichero, n'kuzikazinga mpaka ziyambe kuthetheka. Kenaka ankathira shuga wosungunula ndi timadzi, kajinja, kamchere pang'ono, n'kukhuthulira pa tsamba la nthochi kuti zigwirane. Nadia ankazilirira zisanazizire n'komwe.

"Nkhope yanga waiwala," anadziuza Uladi, "koma lilime siliiwala."

Anagula dzungu n'kubwereka chiwaya. Ulendo woyamba nthanga zinapserera, zakuda bii. Wachiwiri shuga anauma gwa, woti n'kuthyola dzino. Utsi unadzaza mpanda wonse, amayi oyandikana naye nyumba n'kumafa nacho chiseko.

"A Uladi, kwatirani inu! Mutiotchera nyumba!"

Iye anangomwetulira. Akanawauza chiyani?

Dzanja litazolowera, panatsala vuto lina. Nthanga za pamsikazo zinali zopyapyala, makoko okhaokha. Za Amida zinali zonenepa, za mtundu wa maungu omwe analandira kwa mayi ake. Munda wa ku Makanjira unakokoloka ndi madzi osefukira, ndiye mtunduwo unatsala m'kachitini kaja mokha.

Anakatsegula. Munali nthanga zongodzaza manja awiri. Amida akamakazinga ankayamba wapatula zonenepa kwambiri, amvekere, "Izi n'za nthaka, izi n'za pakamwa." Uladi anawamva bwinobwino mawu amenewo m'mutu mwake. Anayang'ana pakhomo, simenti yokhayokha.

"Ndibzala pati ine?" anatero mokweza, ngati pali womuyankha.

Anakhuthulira zonse m'chiwaya. Zonse ndithu, osasiyako ndi imodzi yomwe! Munthu wosungulumwa saganiza za dzinja. Nthanga zinathetheka, shuga anafiira bwino, ndipo fungo lomwe linatuluka linali la khitchini ya Amida lenileni. Uladi anakhala pansi n'kulira, chiwaya chili pambali.

Lole ya ku Makanjira inamugwedeza mpaka msana kuwawa, koma kaphukusi anakagwira pachifuwa njira yonse. Anapeza a Swadick akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango.

"Salamu aleikumu, alamu."

"Aleikumu salamu. Mwatikumbuka lero?" A Swadick anamuyalira mphasa n'kuitana mwana.

Nadia anabwera mokokeka, atatalika, atavala mpango wa ku madrasa. Anagwada patali, kupereka moni wa alendo, maso ali pansi. Mtima wa Uladi unasweka. Anamasula tsamba la nthochi lomwe anakulungamo nthanga zija n'kuliika pamphasa.

Mwana ananunkhiza. Anasendera pang'ono, n'kubenthula kachidutswa. Anatafuna, kenaka anasiya kutafuna.

"Za amayi izi!"

"Eya, za amayi ako."

"Mwakazinga ndinu, ababa?"

Ababa! Uladi anavomera ndi mutu. Nadia anakhala pamphasa pomwepo, bondo lake litagunda la bambo ake, n'kumadya uku akulongolola za madrasa, za mbuzi yomwe inabereka, za dzino lomwe linaguluka. Anapatsako amalume ake kachidutswa kakang'ono zedi, mochita kuumira. Uladi anasangalala kwambiri moti anaiwala ndi msana womwe.

Zitatsala pang'ono kutha, mwana uja anayamba kusankha. Anatola nthanga zonenepa zingapo, kuzinyambita mpaka shuga yense kuchoka, n'kuzifumbata m'manja.

"Bwanji sukudya zimenezo?" anafunsa Uladi.

"Izi n'za nthaka," anayankha Nadia, modabwa kuti munthu wamkulu sakudziwa. "Amayi ankatero. Tiyeni mukaone."

Anamukoka dzanja mpaka kuseri kwa bafa, pomwe madzi amadikha. Anakumba ndi kamtengo, n'kuika nthanga zokazinga zija bwinobwino, n'kukwirira ndi chikhatho.

"Zikamera, amalume adzakuimbirani foni, inu mudzabwere. Tidzakazinga tonse zambirimbiri. Mudzabwera eti, ababa?"

A Swadick, omwe anawatsatira, anayang'ana kumbali. Iwo ndi Uladi ankadziwa zomwe mlimi aliyense amadziwa, kuti nthanga yokazinga simera. Kachitini kaja kanali ku Chiponde, kopanda kanthu.

Uladi anatsegula pakamwa kuti anene zoona, koma mwana anali atamupatsira kale kapu ya madzi. Anagwada pamatope paja n'kuthirira pang'onopang'ono, kuti madzi asafukule nthanga.